Zimene ndikanakonda kudziwa ndisanabayidwe singano za acupuncture

Mutu waching'alang'ala unandiyamba ndili Fomu 3 kwathu ku Ntcheu. Unkabwera mwina kamodzi pa miyezi iwiri, n'kumagunda mbali imodzi ngati wina akusinja kuseri kwa diso lakumanzere. Amayi ankandigoneka m'chipinda chamdima, n'kundimanga duku lonyowa pachipumi, ndipo kukacha ndinkadzuka bwinobwino.

Zinthu zinasintha nditabwera ku Leeds, ku England, mu 2022 kudzagwira ntchito yosamalira okalamba. Mashifiti a usiku a maola 12, tulo ta masana tosakoma, kudya mothamanga, kuphatikiza nkhawa ya fizi ya azing'ono anga kumudzi, zonsezi zinaudzutsa mutu uja. Pofika pakati pa 2023 unkandipweteka masiku ambiri kuposa amene ndinkakhala bwino. M'chikwama changa simunkasowa panado ndi ibuprofen, ndipo zitayamba kuchepa mphamvu ndinayamba kugula co-codamol, amene ndi panado wosakaniza ndi mankhwala amphamvu otchedwa codeine, ku famase. Pa kabokosi kake amalembapo kuti munthu asamwe kupitirira masiku atatu. Ndinkawerenga ndithu mawu amenewo, koma shifiti ikakwana ndinkamwa, chifukwa ukajomba ndalama ya tsikulo yapita.

Amene anandiuza za acupuncture, chithandizo chobaya tisingano topyapyala pakhungu, ndi mayi wina wa ku Zimbabwe amene timapemphera naye. Anandipeza nditatsamira khoma kunja kwa tchalitchi, maso ali tsinzinire, n'kunena kuti, "Asisi, mukuzunzikiranji? Pitani akakubayeni singano za ku China, ine phewa langa linasiya." Ndinali nditatopa kwambiri moti sindinafunse zambiri. Sabata yomweyo, mu Okutobala 2023, ndinalowa m'kashopu kena ka m'tauni kamene pawindo pake anamatapo mndandanda wa matenda oposa 30, kuyambira nyamakazi, kusabereka, shuga mpaka kusiya fodya.

Mndandanda umenewo unayenera kundichenjeza, koma ine unandilimbitsa mtima. Anandigwira pamkono kumva kugunda kwa magazi, anandiuza kuti nditulutse lilime, ndipo pasanathe mphindi 10 ndinali nditalipira mapaundi 350 a maulendo 10, pamwamba pake mapaundi 30 a mankhwala a zitsamba a sabata imodzi. Palibe anandifunsa mankhwala amene ndinkamwa, kaya ndili ndi pakati, kapena ngati dokotala anandiyezapo. Ndipo ine ndinali nditangoweruka ku ntchito ya usiku, m'mimba muli kapu ya tiyi yokha.

Atangondibaya singano zingapo ndinamva kutentha kukukwera kumaso, thukuta lozizira, m'makutu muli ziii. Ndinatsala pang'ono kukomoka. Anazula singano, anandipatsa madzi, ndipo ndinabwerera kunyumba ndikunjenjemera, ndikuganiza kuti mwina thupi langa silikugwirizana nazo. Pambuyo pake ndi pamene ndinadzamva kuti chizungulire chotere chimagwira anthu ena, makamaka ulendo woyamba, akapita ndi njala, atatopa kapena ali ndi mantha. Idyani kachakudya kopepuka ola limodzi kapena awiri musanapite, ndipo pemphani kuti akubayeni mutagona osati mutakhala pampando.

Popeza ndalama ndinali nditapereka kale, ndinapitabe. Ndinafika maulendo 6. Zitsamba ndinagula masabata anayi, zowawa ngati ndulu, mpaka m'mimba munayamba kundivuta. Tsiku lobayidwa ndinkagona tulo tabwino, izo sindingakane, koma mutu unali pomwepo, ndipo mapiritsi ndinkamwabe tsiku ndi tsiku. Nditati ndisiye, ndalama za maulendo anayi otsalawo anakana kubweza. Zonse pamodzi ndinataya mapaundi 470, ndalama imene ikanalipira temu yonse ya mng'ono wanga n'kutsalako. Ndinalira usiku umenewo, ndipo kwa masabata angapo sindinawauze amuna anga kuchuluka kwake.

Chimene chinandikankhira kwa GP, dokotala wa m'dera lathu, chinachitika mu Januwale 2024. Ndili pantchito, ndikulemba lipoti la usiku, zilembo zinayamba kuvina, kenako mbali ina ya pepala inangozimirira. Patatha mphindi ngati 20 maso anabwerera, mutu n'kuyamba. Ndinachita mantha poganiza kuti ndi sitiroko. Nesi amene tinali naye anandiyeza BP, anaona nkhope ndi manja, n'kundiuza kuti ndiimbe kwa GP kukangocha. Anandilankhula pafoni tsiku lomwelo, koma kuti ndionane ndi dokotala maso ndi maso panapita masabata atatu.

Dokotala uja anandiyeza BP, anayang'ana m'maso ndi katochi, anayesa mphamvu za manja ndi miyendo, n'kundifotokozera kuti kuvina kwa zilembo kuja ndi chizindikiro chimene chimatsogolera mutu waching'alang'ala kwa anthu ena. Kenako anafunsa funso limene palibe anali atandifunsapo: pa mwezi ndimamwa mankhwala opha ululu masiku angati? Sindinadziwe. Anandituma kuti ndikalembe m'kabuku kwa mwezi wathunthu, tsiku lililonse, ngati mutu wapweteka, wapweteka motani, ndamwa chiyani, ndagona maola angati.

Kabuku ka Febuluwale kanandidabwitsa. Mutu unandipweteka masiku 19, koma mankhwala ndinamwa masiku 22, chifukwa masiku ena ndinkamweratu poopa kuti uyamba ndili pantchito. Dokotala anandiuza kuti munthu wa mutu ngati wanga akamamwa panado kapena ibuprofen masiku 15 kapena kuposa pa mwezi, kapena mankhwala okhala ndi codeine masiku 10 kapena kuposa, kwa miyezi itatu, mankhwala omwewo amayamba kuyambitsa mutu. Zinandivuta kukhulupirira kuti chimene ndinkathawirako ndi chomwe chinkandiluma. Apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake singano za m'kashopu kaja sizikanandithandiza, ngakhale akanandibaya mwaluso chotani. Ndinkathira madzi m'chidebe chobooka.

Mu Malichi ndinasiya mankhwala onse opha ululu, motsogozedwa ndi dokotala. Masabata awiri oyambirira anali owawa kuposa china chilichonse pa nkhani yonseyi. Ndinasanza, ndinasowa tulo, ndinakalipira anthu osalakwa, ndipo ndinajomba masiku anayi. Mukadzafika pamenepa, konzekeranitu: pemphani tchuthi ngati n'kotheka, ndipo auzeni a m'nyumba mwanu zimene zikubwera. Sabata yachitatu mutu unayamba kupereka mpata. Mu Epulo masiku anatsika kufika pa 12.

Masiku 12 ndi ambiribe, choncho tinakambirana za mankhwala oteteza. Propranolol sakanatheka chifukwa ndili ndi mphumu. Topiramate amatha kuvulaza mwana m'mimba, ndipo ife tinali tikuganiza zokhala ndi mwana wina. Amitriptyline ndinayesa masabata angapo koma ankandilemeretsa thupi moti ndinkaopa kulakwitsa pantchito. Dokotala yemweyo ndi amene anatchulanso acupuncture. Anati malangizo a bungwe la NICE, limene limaunika chithandizo cha NHS (zipatala za boma kuno), amene anatuluka mu 2012, amalola kuyesa maulendo osapitirira 10 pa masabata 5 mpaka 8 kwa munthu wa mutu waching'alang'ala amene mankhwala oteteza sakumuyanja, komanso kwa amene mutu umamumanga ngati lamba pafupipafupi. Vuto linali lakuti m'dera lathu sakanatha kunditumiza kwaulere, ndiye ndinayenera kudzilipirira.

Mtima wanga unakana poyamba. Amuna anga ndi amene anati, "Mayi, ulendo uja munapita osadziwa chimene chikukudwalitsani. Pano mukudziwa, ndipo kabuku muli nako. Yesani, tikaona kuti sizikuyenda tisiya."

Ulendo uno ndinafufuza kaye. Kuno ku England malo obayira singano amayenera kulembetsedwa ku khonsolo, ndipo obaya ambiri ophunzira bwino amapezeka m'kaundula wa British Acupuncture Council, kapena ndi madokotala, manesi ndi a fizo (akatswiri othandiza minofu ndi mafupa) amene anawonjezera maphunziro amenewa. Abale amene muli ku Joni, kumeneko amalembetsa ku Allied Health Professions Council of South Africa, ndipo muli ndi ufulu wofunsa nambala yawo. Ine ndinasankha mayi wina wa fizo. Ndinamuuza pafoni kuti sindilipiriratu maulendo ambiri, ndipo anayankha kuti iye salandira n'komwe ndalama za mtsogolo. Ulendo woyamba unali mapaundi 65, otsatira 50 uliwonse.

Tsiku loyamba, mu Juni 2024, tinakhala pafupifupi ola lathunthu, ndipo theka lake linali la mafunso. Anawerenga kabuku kanga tsamba ndi tsamba. Anafunsa ngati ndimamwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi monga warfarin, ngati ndili ndi vuto lotaya magazi, ngati ndili ndi kachipangizo kothandiza mtima kugunda, popeza nthawi zina singano amazilumikiza ku magetsi ochepa, ngati khungu langa limadana ndi zitsulo, komanso ngati ndingakhale ndi pakati. Anati pali malo ena amene sabaya munthu woyembekezera, choncho tsiku limene ndidzakayikire ndimuuze asanatsegule paketi. Anandiuzanso zovuta zimene zingachitike: kadontho ka magazi, kudera kwa khungu pamalo obayidwa, tulo, chizungulire, ndiponso kuti mwa apo ndi apo singano yolowa kwambiri pachifuwa kapena kumtunda kwa msana imatha kuboola phapo. Anati ndikadzamva kubanika kapena kupweteka pachifuwa nditabayidwa malo amenewo, ndithamangire kuchipatala.

Kenako anasamba m'manja n'kutsegula paketi ine ndikuona. Singano zake n'zachitsulo, zopyapyala kwambiri kuposa za jakisoni, zilibe bowo mkati, ndipo sapakapo mankhwala alionse. Iliyonse imagwira ntchito kamodzi n'kutayidwa m'kabokosi kachikasu. Anaika kachubu kapulasitiki pakhungu, anagogoda pamwamba ndi chala, singano n'kulowa. Zina sindinazimve n'komwe. Zina zinali ngati kulumidwa ndi udzudzu. Imene ndinaimva kwambiri ndi ya padzanja, pamnofu wa pakati pa chala chachikulu ndi cholozera, malo amene amawatcha Hegu. Atayipotoza pang'ono ndinamva kulemera ndi kadzanzi kakuyenda mpaka m'chigongono. Ndinadzidzimuka, koma anati kumva kumeneko n'kumene amafuna, ndipo Atchaina amakutcha de qi. Anati ululu wakuthwa, wobaya ngati moto, ndiwo wosayenera, ndipo ndikaumva ndinene kuti aisunthe. Pachala chakuphazi zinaterodi kamodzi, ndinanena, anaizula.

Tsiku limenelo anandibaya singano 8 zokha poganizira zimene zinandichitikira kale. Maulendo otsatira zinkafika 12 kapena 14: ziwiri kunkhongo pamene khosi limakumana ndi mutu, malo otchedwa Fengchi, zina m'mbali mwa chipumi, m'mapewa, m'manja, pansi pa mabondo ndi pamapazi. Ndinafunsa chifukwa chobayira phazi pamene wodwala ndi mutu. Anandifotokozera mbali ziwiri. Mwa chiphunzitso chakale cha ku China, cholembedwa zaka zoposa 2,000 zapitazo m'buku lotchedwa Huangdi Neijing, m'thupi muli njira zimene mumayenda mphamvu yotchedwa qi, ndipo malo obaya, amene bungwe la WHO linawaika pa 361, ali m'njira zimenezo. Madokotala a masiku ano amafotokoza mosiyana: singano imatekenya minyewa ya pansi pa khungu ndi m'minofu, ndipo thupi limatulutsa mankhwala ake achilengedwe opha ululu otchedwa endorphins. Iye anati amatsatira kufotokoza kwachiwiriku, ndipo ine kunandikhazika mtima pansi, chifukwa monga Mkhristu ndinali ndi kafunso mumtima ngati mulibe zamizimu m'zimenezi. Palibe pemphero, chizimba kapena mwambo uliwonse umene unachitika m'chipinda chija.

Singano zikalowa ankandifunditsa kabulangete n'kundisiya mphindi 20 kapena 25. Nthawi zambiri ndinkagona. Ndikatuluka thupi linkakhala lofooka ngati ndasamba madzi otentha, ndiye ndinaphunzira kusaika ulendo pa tsiku limene ndili ndi shifiti. Ngati mumayendetsa galimoto, ulendo woyamba pitani pa basi kapena ndi wina. Valaninso zovala zotakasuka zopindika mosavuta mpaka m'mabondo ndi m'zigongono.

Nditawauza amayi pafoni anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Mwana wanga, ndiye wapita ku Ulaya konseko kukatemera mphini?" Iwo ali ndi mphini ziwiri m'mbali mwa maso zimene anawatema ali mtsikana chifukwa cha mutu womwewu. Ndinawafotokozera kuti apa sacheka ndi lezala, sapaka mankhwala, ndipo sipatsala chipsera. Koma pali chinthu chimodzi chofanana chimene ndinawauza motsindika: chida cholowa m'khungu chikagwiritsidwa ntchito pa anthu awiri chimatha kufalitsa HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B. Kulikonse kumene mungapite, kaya ku Lilongwe, ku Lusaka kapena kuno, ngati simunaone paketi ikutsegulidwa pamaso panu, dzukani muzipita.

Tinachita kawiri pa sabata kwa masabata awiri, kenako kamodzi pa sabata kwa masabata 6. Nditabayidwa kachiwiri mutu unandipweteka kwambiri tsiku lotsatira, ndipo ndinafuna kusiya. Mayi wa fizo uja anati zimachitika kuti zizindikiro zikule kaye pang'ono, koma anandilonjeza kuti tikafika ulendo wa 6 kabuku kasakusonyeza kusintha, iye mwini andiuza kuti ndisatayenso ndalama. Maulendo anayi oyamba sindinaone kanthu. Cha pa ulendo wachisanu ndinatsegula kabuku n'kupeza kuti ndatha masiku 8 otsatizana mutu osapweteka, chinthu chimene sichinachitike chifikireni ku Leeds. Ndinawerenga kawiri kuti nditsimikize. Mu Ogasiti, titamaliza, masiku anali 6, ndipo mutu ukabwera unkatha tsiku lomwelo m'malo mondigoneka masiku awiri. Maulendo 10 amenewa anandidyera mapaundi 515, osawerengera basi.

Sindingakuuzeni kuti singano zokha ndi zimene zinachita zonsezi. Kutsika kwakukulu, kuchoka pa 19 kufika pa 12, kunabwera chifukwa chosiya mapiritsi. M'miyezi yomweyo ndinachepetsanso mashifiti a usiku ndipo ndinayamba kudya pa nthawi yake. Mayi wa fizo uja sanabise kuti pa kafukufuku wambiri, anthu obayidwa mwachiphamaso, pamalo osakhala enieni, nawonso amapezako bwino, ndipo kusiyana kwawo ndi obayidwa moyenera kumakhala kochepa. Chimene ndikudziwa n'chakuti kabuku kanga kanatsika kuchoka pa 12 kufika pa 6 m'masabata amene ndinkabayidwa, ndipo sindinavutike ndi mankhwala ondilemeretsa thupi. Kwa ine zimenezo zinali zoyenera ndalamayo.

Msana ndi nkhani ina. Ntchito yonyamula okalamba inandisiyira ululu m'chiuno, ndipo ndinapempha kuti azindibayako komweko. Unkapepuka tsiku limodzi kapena awiri n'kubwerera. Chimene chinadzandithandiza ndi masewera olimbitsa minofu amene mayi yemweyo anandiphunzitsa. Pa msana akatswiri nawonso sagwirizana: NICE mu 2016 inati acupuncture isaperekedwe pa ululu wa m'munsi mwa msana, pamene bungwe la madokotala a ku America la American College of Physicians mu 2017 linaiika pakati pa njira zoyenera kuyesa munthu asanathamangire mankhwala. Mu 2021 NICE inavomereza kuti iyesedwe pa ululu wokhalitsa umene gwero lake silikuoneka, koma mu 2022 inaikana pa nyamakazi ya m'mfundo. Ena amaigwiritsanso ntchito pochepetsa mseru munthu akachitidwa opaleshoni kapena akamalandira mankhwala a khansa.

Nkhani itamveka kwathu, mauthenga anayamba kubwera pa WhatsApp. Azakhali anafunsa za shuga, msuweni wanga amene wakhala zaka zambiri osaona mwana anafunsa ngati angasunge ndalama kuti akabayidwe ku Joni, ndipo wina anafunsa mwakachetechete ngati angapumeko ma ARV. Onsewo ndinawayankha mofanana, ndipo msuweni wangayo ndinamuimbira chifukwa ndinadziwa mmene mtima wake ukupwetekera. Singano sizichiza shuga, BP, khansa, malungo kapena HIV, sizitsegula machubu otsekeka, ndipo aliyense wokuuzani kuti musiye mankhwala a kuchipatala chifukwa cha singano akuika moyo wanu pachiswe. Mutu nawonso uli mitundumitundu. Wobwera mwadzidzidzi mwamphamvu kuposa wina uliwonse umene munamvapo, wobwera ndi kutentha thupi kapena kuuma khosi, kufooka mbali imodzi, kulephera kulankhula, kapena wogwira mayi woyembekezera amene watupa mapazi, umenewo ndi wa kuchipatala tsiku lomwelo. Kwathu mutu ndi kutentha thupi, choyamba n'kuyezetsa malungo.

Ubwino wa singano sunakhale mpaka kalekale. Pofika Disembala 2024, nditawonjezera mashifiti kuti ndipeze ya Khirisimasi, masiku anakwera kufika pa 9. Ndinabwerera maulendo atatu, anatsikanso, ndipo kuyambira pamenepo ndimapita kamodzi pa masabata 6, mapaundi 50 ulendo uliwonse, ndalama imene tinaiika pa bajeti pamodzi ndi ya magetsi. Panado ndimamwa osapitirira masiku awiri pa sabata, co-codamol sindinagulenso. Kabuku kachitatu katsala masamba ochepa kuti kathe, ndipo mwezi watha ndinalembamo masiku 5.